Osamba a Cézanne: N'luso Kapena N'kusuzumira pa Doko?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mnyamata wina wa ku Mangochi. Ndaidula pang'ono:

"Zikomo aphunzitsi. Ndili ndi zaka 24, ndimajambula zithunzi za penti, zambiri za asodzi ndi mabwato, zogulitsa kwa alendo. Mwezi watha ndinagula buku lakale la zithunzi za ku Ulaya pa mtengo wozizira. Chandidabwitsa n'chakuti ukangotsegula tsamba, anthu akusamba ali mbulanda. Renoir osamba, Degas osamba, Cézanne osamba, Matisse nayenso osamba. Kodi azungu amenewa analibe china chojambula? Ndiponso za Cézanne, zimene bukulo likuzitama kwambiri, ine ndikuona ngati mkuluyu thupi la munthu linkamukanika. Akazi ake ali ngati matumba a chimanga. Bukulo ndalibisa pansi pa matiresi kuopa mayi. Kodi muli choti ndiphunzire, kapena n'zolaula chabe? Nanga ine amene ndimaona anthu akusamba kunyanja tsiku ndi tsiku, ndingajambule zotere osagwa m'mavuto?"

Achimwene, choyamba litulutseni bukulo pansi pa matiresi, kutentha kwa kwanuko ndi thukuta zingamate masamba. Simunagule chinthu choipa. Zithunzi zimenezo zili pa makoma a nyumba zachionetsero ku Paris, London ndi Philadelphia, ndipo ana a sukulu amapita kukaziona ndi aphunzitsi awo. Za matumba a chimangazo musachite nazo manyazi. Pamene National Gallery ya ku London inagula chithunzi chimodzi cha osamba a Cézanne mu 1964, pa mtengo wa pafupifupi theka la miliyoni ya mapaundi, anthu ambiri kumeneko anadandaula kuti ndalama zatayidwa pa akazi osaoneka bwino. Maso anu aona zoona. Chatsala n'kudziwa chifukwa chake matumbawo anasunga tulo ta Matisse ndi Picasso.

Tiyambe ndi funso lanu loti n'chifukwa chiyani kusamba kokhakokha. Ku sukulu za zojambula za ku Ulaya, mayeso aakulu a wojambula anali thupi la munthu lopanda chovala. Malaya amabisa zolakwa. Ukalephera phewa umangowonjezera makwinya a nsalu, koma pa thupi lamaliseche palibe pobisala: bondo likakhala pamalo olakwika aliyense amaona, ngakhale amene sanagwirepo burashi. Vuto linali lakuti sukanangopachika munthu wovula pakhoma popanda chifukwa. Pankafunika chonamizira. Choncho ankajambula milungu yaikazi ya Agiriki ndi Aroma, monga Diana akusamba m'nkhalango, kapena nkhani za m'Baibulo. Mukukumbukira Bateseba, amene Davide anamuona akusamba ali padenga la nyumba yake? Rembrandt anamujambula mu 1654, ali ndi kalata ya mfumu m'manja, nkhope itagwa, wantchito akumupukuta phazi. Nkhani imeneyo muisunge, tiifunanso kutsogoloku, chifukwa tchimo la Davide linayambira pa malo amene anaima poyang'ana.

Kusamba kunali chonamizira chabwino kuposa zonse. Munthu aliyense amavula akamasamba, ndipo wosamba amawerama, amapinda miyendo, amatambasula mkono kuti afike kumsana. Wojambula amapeza thupi likugwira ntchito, kuphatikiza madzi, kuwala ndi mitengo.

Chimene chinasintha m'zaka za m'ma 1800 n'chakuti ojambula ena anataya milunguyo n'kusiya osamba okha. Mu 1853 Gustave Courbet anaonetsa pa chionetsero chachikulu cha ku Paris chithunzi cha mayi wojintcha akutuluka m'madzi, atatifulatira, kansalu kali m'chiuno, mnzake atakhala pambali sokosi itatsikira kuphazi. Anthu anakwiya. Maliseche ankawaona chaka chilichonse pa chionetsero chomwecho osadandaula. Chinawapweteka n'chakuti uyu sanali Diana, anali mayi wamba amene ukanakumana naye kumsika. Patapita zaka 10 Édouard Manet anawonjezera moto ndi chithunzi chimene poyamba anachitcha Le Bain, kutanthauza kusamba: mkazi wovula atakhala paudzu pamodzi ndi amuna awiri ovala majekete, akukuyang'ana iwe woonerera m'maso osaphethira.

Edgar Degas analowa nako m'nyumba. Pa chionetsero cha 1886 anaika zithunzi za choko cha mitundu chija amati pastel, za akazi akusamba, kudzipukuta ndi kupesa. Fufuzani m'buku lanu chimene mkazi wanjuta m'beseni lalikulu losaya, dzanja limodzi lagwira pansi kuti asagwe, lina likutsuka kukhosi. Timamuona kuchokera pamwamba, nkhope sitiiona, ndipo kumanja kuli shelefu ya majagi ndi burashi ya tsitsi imene yadula chithunzicho ngati mpeni. Pa luso la mzere wa msana, palibe amene ndingamuike patsogolo pa Degas. Koma iye mwini ankati zithunzizi zili ngati ukuyang'ana pa kabowo ka kiyi, ndipo ine mpaka lero ndikaziona ndimamva ngati ndalowa pamalo osaodira.

Renoir sindikhalitsapo. Osamba ake ndi ofewa, apinki, osekerera, ngati tiyi wothira shuga masupuni asanu. Ena amamukonda, ine amanditopetsa msanga. Komabe ndisamulande zake: atakalamba, manja atapindika ndi nyamakazi, anapitiriza kujambula osamba mpaka 1919, chaka chimene anamwalira, ndipo Matisse ankapita kukamuona kunyumba kwake ku Cagnes, pomwe Picasso anagula zithunzi zake n'kuzisunga. Koma ngati bukulo lili ndi chithunzi cha Georges Seurat cha 1884, cha anyamata ndi amuna a ntchito akupuma m'mbali mwa mtsinje wa Seine ku Asnières, chimenecho chiyang'anitsitseni. Kumbuyo kuli mlatho ndi utsi wa mafakitale, nsapato ndi zovala zaunjikidwa paudzu, mnyamata wa chipewa chofiira ali m'madzi ataika manja pakamwa ngati akuitana mnzake kutsidya. Palibe wamaliseche ndi mmodzi yemwe, koma n'chithunzi cha osamba chenicheni. Chimenecho chili pafupi kwambiri ndi zimene mumaona kwanuko.

Tsopano tifike kwa mwini matumba.

Paul Cézanne anabadwa mu 1839 ku Aix-en-Provence, kumwera kwa France. Ali mnyamata ankathawira ku mtsinje wa Arc kukasambira ndi anzake, mmodzi mwa iwo Émile Zola, amene anadzakhala mlembi wotchuka. Masiku amenewo sanamuchoke m'mutu. Pa moyo wake anajambula osamba pafupifupi 200, kuwerengera za penti, za utoto wamadzi ndi za pensulo, magulu a amuna paokha, a akazi paokha. Zitatu zikuluzikulu, zimene anavutika nazo zaka zake zomaliza mpaka imfa yake mu 1906, zili ku London ndi ku Philadelphia, kumene kuli ziwiri.

Chinthu choyamba choti mudziwe n'chakuti pa zithunzi zikuluzikuluzi panalibe mkazi wovula amene anaima patsogolo pake. Cézanne anali munthu wamanyazi ndi akazi, ndipo Aix unali tauni ya miseche, monga mmene zilili malo alionse amene aliyense amadziwa mnzake. Ankagwiritsa ntchito zojambula zake zakale za kusukulu, zimene anakopera pa ziboliboli ndi zithunzi ku Louvre, nyumba yaikulu yachionetsero ya ku Paris, ndi zimene ankakumbukira. Akazi amenewa sanakhaleko. Anawamanga ngati mmene mmisiri amamangira nyumba.

Tsegulani pa chachikulu cha ku Philadelphia Museum of Art, chotchedwa Les Grandes Baigneuses. N'chachitali kupitirira mamita awiri, m'lifupi mamita awiri ndi theka. Litembenuzeni bukulo chadodolido kuti maso anu aleke kufunafuna nkhope ndi mabere. Mukuona chiyani? Mitengo ya kumanzere yapendekera kumanja, ya kumanja yapendekera kumanzere, ngati mitengo ya denga imene ikukakumana pamwamba. Pansi pake pali magulu awiri a akazi, onse pamodzi 14, ndipo gulu lililonse likubwereza kadenga komweko pang'ono. Mkazi woima kumanzere wapendekera chimodzimodzi ndi mtengo umene uli kumbuyo kwake, mpaka umasokonezeka kuti msana wathera pati, thunthu layambira pati. Pakati pasiyidwa khomo, ndipo diso limadutsa pamenepo kupita ku mtsinje, kwa munthu mmodzi amene akusambira, kutsidya, mpaka kansanja ka tchalitchi kutali. Tsopano yang'anani mitundu. Buluu wa kumwamba ali m'mithunzi ya matupi. Chikasu chotuwa cha dothi chili pa khungu. Malo ena sanapakepo n'komwe, nsalu yoyera ikuoneka, ndipo kuyera komweko kukugwira ntchito ya kuwala pa ntchafu. Nkhope ndi madontho awiri atatu basi.

Ndiye funso lanu: kodi thupi linkamukanika? Pang'ono, inde. Sanali ndi dzanja lopepuka la Degas, ndipo amene amati chilichonse chopindika mwa Cézanne anachita dala akumukometsera. Koma funso limene ankalimbana nalo linali lina. Ojambula am'mbuyo mwake ankamaliza munthu, kenako n'kumuikira malo kumbuyo ngati nsalu ya m'situdiyo ya wojambula ndi kamera. Cézanne ankafuna kuti munthu, mtengo, mtambo ndi madzi zipangidwe ndi chinthu chimodzi, zigwirane ngati njerwa m'khoma, kuti ukachotsa chimodzi zonse zigwe. Ngati mwendo unkafunika kutalika kuti denga lija liime, ankautalikitsa. N'chifukwa chake osamba ake sakopa munthu. Ndaphunzitsa anyamata ambiri, ndipo ndinaonapo akugwedezana zigongono ndi kuseka pa Renoir, koma pa Cézanne amangoti ziii, kenako wina amafunsa ngati inu kuti kodi mkuluyu anali bwinobwino.

Amene anazindikira msanga ndi Henri Matisse. Mu 1899, ali ndi zaka 29, ali ndi banja koma ndalama zili zosowa, anagula kwa wogulitsa zithunzi Ambroise Vollard kachithunzi ka Cézanne ka osamba atatu, kosafika ndi mita imodzi yomwe. Anakasunga zaka 37. Pa nthawi za njala sanakagulitse. Pokapereka ku Petit Palais, nyumba yachionetsero ya ku Paris, mu 1936 analemba kuti kachithunzi kameneko n'kamene kankamulimbitsa mtima pa nthawi zovuta za ntchito yake. Taganizirani, achimwene, munthu kudzuka m'mawa uliwonse n'kuyang'ana matumba atatu a chimanga kuti apeze mphamvu.

Chimene anatengamo mungachione pa chithunzi chake chachikulu cha osamba pamtsinje chimene chili ku Art Institute of Chicago. Anachiyamba mu 1909 chili chowala ndi chosangalala. Anachisiya, n'kuchibwerera mu 1913, n'kuchibwereranso mu 1916 ndi 1917 nkhondo yoyamba yapadziko lonse ili mkati. Pomaliza, mtsinje unasanduka mzere wakuda bii woima chilili, masamba anapita kumbali imodzi, akazi anayi anasanduka mizati yotuwa yopanda nkhope, ndipo pansi pakutuluka njoka yoyera. Zaka 8 pa nsalu imodzi, ntchito yake yaikulu ili kuchotsa. Atakalamba, atachitidwa opaleshoni ndipo kuima pa nsalu kukumuvuta, anafika pamapeto pa njira imeneyi. Mu 1952 anapita kukaona anthu osambira ku Cannes, dzuwa linamukanika, anabwerera kwawo ku Nice n'kunena kuti adzipangira dziwe lakelake. Anatenga sizasi ndi mapepala opakidwa buluu, n'kudula osambira, ena akudumphira, ena theka la thupi lamira, ndipo omuthandiza anawakhoma kuzungulira makoma a chipinda chodyera. Pamenepo sungathenso kusiyanitsa madzi ndi munthu, zonse ndi pepala limodzi la buluu. Ndi funso la Cézanne lija, layankhidwa ndi sizasi.

Pablo Picasso anatengamo china, chaukali. Mu 1907, chaka chimene Paris inachita chionetsero chachikulu chokumbukira Cézanne, iye anajambula Les Demoiselles d'Avignon. Akazi asanu, koma mtsinje ndi mitengo wazichotsa, wawaika m'nyumba ya mahule, matupi awo athyokathyoka ngati galasi losweka, nkhope ziwiri za kumanja zikukumbutsa zigoba zosema za kuno ku Africa zimene ankaziona ku Paris. Yang'anani wonjuta kumanja pansi, amene watifulatira koma nkhope yatembenukira kwa ife: kakhalidwe kameneko n'ka osamba a Cézanne. Kuchokera pamenepo Picasso ndi Georges Braque anayamba kajambulidwe kotchedwa Cubism, koona chinthu kuchokera mbali zingapo nthawi imodzi. Picasso sanasiye osamba moyo wake wonse, ndipo mu 1956 anapanga gulu la osamba asanu ndi mmodzi ndi matabwa otayidwa, zogwirira za tsache ndi mafelemu akale a zithunzi. Izi ndimauza ophunzira anga akamadandaula kuti penti wakwera mtengo.

Ngakhale osema anamwa pa chitsime chomwechi. Henry Moore wa ku England anaona osamba aakulu aja ali mnyamata, m'nyumba ya munthu wina wosonkhanitsa zithunzi ku Paris, ndipo anayerekeza tsikulo ndi kuona tchalitchi chachikulu cha Chartres. Atapeza ndalama anagula kachithunzi kake ka Cézanne ka osamba atatu, ndipo mu 1978 anawaumba atatuwo kukhala ziboliboli. Chimene inu mwachitcha thumba, wosema anachiona ngati mwala wolemera bwino, woti ungauzungulire.

Ku Germany zinayenda mwamtundu wina. Gulu la anyamata lotchedwa Die Brücke, limene linayamba ku Dresden mu 1905, linkapita ku nyanja zing'onozing'ono za Moritzburg m'chilimwe cha 1909 mpaka 1911. Ernst Ludwig Kirchner, Erich Heckel ndi Max Pechstein ankavula limodzi ndi anzawo, kusambira ndi kujambulana mothamanga, matupi achikasu ndi ofiira pa madzi obiriwira. Iwo kusamba ankakuona ngati kuthawa moyo wa m'tauni. Boma la Nazi linadzatcha ntchito zawo luso lovunda, linachotsa za Kirchner zoposa 600 m'nyumba zachionetsero mu 1937, ndipo chaka chotsatira iye anadzipha. Pierre Bonnard wa ku France yekha anatsalira m'bafa. Anajambula mkazi wake Marthe atagona m'bafa kwa zaka zambiri, osamukalambitsa pa nsalu, matailosi akusungunuka kukhala ofiirira ndi agolide, ndipo chomaliza anachitsiriza mu 1946, Marthe atamwalira kale mu 1942. Mzere umenewu unafika mpaka kwa David Hockney, amene m'zaka za m'ma 1960 anapeza maiwe osambiramo a ku Los Angeles n'kuyamba kujambula amuna akutuluka m'madzi, ndi mizere yopotanapotana ya kuwala pamwamba pa dziwe.

Koma ndikakuuzani zokoma zokhazokha ndikhala ndakunamizani. Mbiri imeneyi ili ndi fungo lake, ndipo apa ndi pamene Davide uja akubwerera. Pafupifupi onse amene ndatchula ndi amuna, ndipo ojambulidwa ambiri ndi akazi. Mu 1989 gulu la akazi ojambula la ku New York lotchedwa Guerrilla Girls linawerenga mu Metropolitan Museum n'kupeza kuti m'zipinda za luso lamakono akazi ojambula sankafika 5 pa 100 alionse, pamene 85 pa 100 ya zithunzi zamaliseche zinali za akazi. Paul Gauguin, amene anapita ku Tahiti mu 1891 n'kujambula akazi a kumeneko akusamba m'nyanja, ankakhala ndi atsikana aang'ono ngati akazi ake, ndipo zithunzi zake zinathandiza kudyetsa Ulaya bodza lakuti akazi a maiko otentha amangodikira mlendo. Anyamata a Die Brücke nawonso ankajambula ana aakazi osavala. Zimenezi n'zonyansa, ndipo kukongola kwa utoto sikuzitsuka. Akazi atagwira okha burashi, kusamba kunaoneka mosiyana. Mary Cassatt mu 1893 anajambula mayi wovala diresi la mizeremizere, mwana ali pamiyendo atakulungidwa thaulo, akumutsuka mapazi m'beseni, onse awiri maso ali pa madzi. Suzanne Valadon, amene poyamba ankaimira Renoir kuti amujambule asanakhale wojambula iye mwini, ankajambula matupi a akazi monga alili, otopa, olemera, osadzikometsera aliyense. Ndipo mu 1973 Sylvia Sleigh anatembenuza nkhani yonse, n'kujambula gulu la amuna ovula atakhala mmene akazi ankakhalitsidwira m'zithunzi zakale.

Tsopano za inu ndi nyanja yanu. Ndikuuzeni zimene zinandigwera ine. Ndili wa msinkhu wanu ndinakhala pamchenga m'mudzi wina wa m'mbali mwa nyanja ndi kope langa la zojambula, ndikujambula bwato limene linali pamtunda. Sindinasamale kuti chapafupi pomwepo panali doko la amayi. Posakhalitsa agogo ena anafika, osapereka moni, n'kunditenga kope lija m'manja. Anatsegula tsamba ndi tsamba, akunyowetsa chala ndi malovu, madzi akudontha kuchokera pa chitenje chawo kugwera pa mapepala anga. Anapeza mabwato okhaokha. Anandibwezera n'kunena kuti, "Mabwato ali ndi mbali ziwiri, mwanawe. Kakhaleni mbali inayo." Ndinanyamuka mwakachetechete. Sindinajambule aliyense, koma ndinali nditakhala pamalo olakwika, ndipo zimenezo zinali zokwanira.

Choncho pali zinthu zimene sindikunyengererani. Musajambule munthu akusamba iye asakudziwa, kaya ndi pensulo kaya ndi foni, ngakhale mutati mukungofuna chokumbukira. Chithunzi cha mufoni chimayenda, foni imabedwa, imabwerekedwa, imapita kokonzetsa. Ana osavala musawajambule n'komwe, ngakhale makolo atavomera, ngakhale kwanuko kuona ana akusewera m'madzi chomwecho kuli chinthu cha tsiku ndi tsiku. Malamulo a dziko lathu ndi a maiko amene alendo anu amachokera ndi okhwima pa nkhani imeneyi, ndipo akuyenera kutero. Chenjeraninso ndi mlendo amene adzakunong'onezeni kuti akufuna chithunzi cha akazi a ku Africa mabere ali pamtunda. Ameneyo sakufuna luso lanu, akufuna Tahiti wa Gauguin pa mtengo wotsika.

Njira zabwino zilipo, ndipo zina n'zabwino kuposa maliseche enieniwo. Yoyamba ndi ya Cézanne mwini: jambulani za m'mutu. Mwakulira pa nyanja, mukudziwa mmene msodzi amaweramira posamba m'manja atatsitsa usipa, mmene mayi amamangira chitenje pachifuwa polowa m'madzi, mmene nsalu yonyowa imamatirira pa msana n'kusintha mtundu. Nsalu yonyowa imaonetsa kamangidwe ka thupi pafupifupi ngati khungu, ndipo imakupatsani mitundu imene Cézanne analibe. Anthu anu akhale omangidwa, osati akuti mwana wa a uje amene mudzi wonse ungamuloze. Kuti muphunzire thupi, yambani ndi lanu pa galasi: phewa, nthiti, bondo, phazi. Pemphani anzanu asodzi akuimireni atavala makabudula, mphindi 15 zokha aliyense, monga ankachitira anyamata a ku Dresden aja kuti dzanja lizolowere kugwira chachikulu n'kusiya zing'onozing'ono. Muwagulire kenakake, nthawi yawo ndi ndalama. Ngati tsiku lina mudzafunadi kujambula munthu wamkulu wosavala, zikhale m'chipinda, pakhale munthu wachitatu, mulembelane pepala lonena za malipiro ndi kumene chithunzicho chidzaonetsedwe, ndipo akasintha maganizo mawa, mawu ake apambane anu.

Nayi ntchito ya sabata ino. Ikani pepala lopyapyala pa osamba a ku Philadelphia aja, mulembe mizere ikuluikulu yokha, isapitirire 10. Kenako pitani kunyanja m'mawa, ku doko la amuna, mukafune mizere yomweyo pa zimene zili pamaso panu: mlongoti wopendekera, munthu wokoka khoka atapendekera mbali ina, mzere wa madzi ukudula pakati. Pojambula, sakanizani mtundu wa madzi mu mthunzi wa khungu, ndi mtundu wa khungu mu mchenga. Khungu lakuda lonyowa limanyamula buluu wa kumwamba kuposa khungu lililonse limene Cézanne analiganizira, ndipo buku lanulo silingakuphunzitseni zimenezo. Mudzaziona nokha dzuwa likangotuluka. Zoyamba zidzaoneka zoipa. Alendo mwina sadzazigula, choncho mabwato anu aja musawasiye, ndi amene akugula penti.

Pofuna thandizo loposa langa: mukafuna kupachika chithunzi chokhala ndi maliseche pagulu, kapena kuchiika pa intaneti, yambani mwafunsa munthu wodziwa malamulo kapena a Censorship Board, chifukwa dziko lathu lili ndi malamulo oletsa zolaula ndipo wapolisi sadzayamba wakufunsani za Matisse. Dziwaninso kuti Facebook imatha kuchotsa zithunzi zotere kapena kutseka tsamba limene mumagulitsirapo. Mwini malo amene mumapachikapo zithunzi mumuuziretu. Pa za luso lenilenilo, pezani munthu woti aziona ntchito yanu ndi maso, osati pa foni: ku University of Malawi ku Zomba amaphunzitsa zojambula, ndipo ku KuNgoni ku Mua kuli osema amene akhala akulimbana ndi thupi la munthu pa mtengo kwa zaka zambiri, tsiku limodzi mutakhala pambali pawo mudzamvetsa chimene Henry Moore anaona. Ngati chikumbumtima chanu chikukutsutsanibe chifukwa cha chipembedzo, kambiranani ndi abusa kapena ashehe anu, ndipo mukasankha kuti anthu anu onse azikhala ovala, simunataye kanthu. Seurat uja akukuikirani umboni.

Za mayi, musadikire kuti alipeze okha poyala bedi, pamenepo mlandu wake ngovuta kuuzenga. Atengereni nokha madzulo ena atapuma. Yambani ndi tsamba la Cassatt ngati lilimo, la mayi wotsuka mwana mapazi uja, kenako Seurat, kenako Cézanne. Degas mumudumphe kaye.